Ndinanyamula sipika, ndabwerako ndi kope

Lolemba

Ndafika bwino. Inu amene munandiperekeza pasiteji m'mawa uja mitima ikhale pansi, katundu yense ali bwinobwino kupatula nsalu yoonetserapo kanema, imene yamwa madzi a tomato wa mayi wina amene anakwerera pa Linthipe. Kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri, wanga ndi wa sipika, ati chinthu chachikulu chonchi n'chimodzimodzi munthu. Ndinangolipira poona kuti anthu ayamba kung'ung'udza.

Ena mwafunsa kuti ku Lilongwe ndikukatani. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi mkulu wa mpingo ku Chinsapo. Nyumba yawo ya mapemphero yatha zaka zinayi, ndipo chitsegulireni nkhope zake ndi zomwezo. Nyumba za anthu zikumera mbali zonse, koma mabenchi akumbuyo angoti mbuu ndi fumbi. Chaka chatha alamuwo anatipeza kwathu ku Dedza tili pa msonkhano wa chitsitsimutso, bwalo litadzaza mpaka anyamata kukwera m'mitengo ya mango. Potsanzika anati, "Alamu, zimenezi mudzatichitireko kutauni." Ndinavomera mosachedwa. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye kalumo kanga ndi aka: sipika, pulojekita yobwereka, nsalu ija, ndi timapepala 500 toitanira anthu.

Titadutsa pa Kamphata, phiri la Nkhoma likuonekera chakumanja, tulo tinandiba, ndipo ndinadzidzimukira pa Nanjiri. Kuyambira pamenepo sudziwanso pamene pathera mudzi ndi pamene payambira tauni. Njerwa, malata, mauvuni akufuka, maziko a nyumba m'minda imene kale munali chimanga. Likulu la dziko lidachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo pa kalembera wa 1977 mzindawu udali ndi anthu osakwana 100,000. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Khamu lonseli silidabadwire kuno. Muli ana athu omwe a ku Dedza, Dowa, Mchinji, Ntchisi, Ntcheu, amene tidawaperekeza pasiteji ngati mmene mwandiperekezera ine lero.

Kudepoti oitanira anandikokerana ngati nyama ya pa ukwati, wina sipika, wina chikwama, ine pakati. Alamu ndiwo anandilanditsa. Tinakwera minibasi ya msewu wa ku Likuni, kenaka kabaza, kenaka wapansi m'tinjira toti galimoto singadutse. Mlongo wanga anaphika nsima ya bonya ndi mpiru. Panopa ndili pabedi, ndipo ndikumva masipika atatu a mipingo itatu yosiyana, wina akulalikira, wina akuimba, wina akutulutsa ziwanda. Wanga ali pakona apo, chete.

Lachiwiri

Tinanyamuka 8 koloko, ine, alamu ndi amayi awiri a Chigwirizano, timapepala tili m'manja. Kwathu nthawi ngati imeneyi m'chilimwe umapeza anthu pakhonde akutong'ola chimanga, amakuyalira mphasa, nkhani n'kuyambira pa mvula. Kuno tinapeza maloko. Puloti imodzi, zitseko 9 zondondozana ngati makalasi a sukulu, chimbudzi chimodzi, bafa limodzi la ziguduli. Tikati odi, oyankha ndi ana. "Amayi apita kumsika." "Adadi apita kuganyu." Anthu kuno amadzuka kusanache, ena wapansi mpaka kutauni kuti asunge ndalama ya minibasi, ndipo amabwera dzuwa litalowa.

Amene tinawapeza anatilandira chiimire, dzanja lili pachitseko. Yankho linali limodzi: "Zikomo, tili nawo kale mpingo wathu." Ndinawerenga mpaka ka 14, kenaka mtima unayamba kuwawa. Mmodzi mwa amayi aja, wachikulireyo, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi chigayo, anandikokera pambali.

"Abambo, funso lanu likuthera panjira. Akati ali ndi mpingo, muzifunsa kuti mpingowo uli kuti."

Anatitengera pakiyosiki ya madzi, pomwe panali mzere wa ndowa ndi zigubu. Timapepala anatibisa m'chitenje. Anakhala pamwala n'kuyamba kudandaula za kukwera mtengo kwa makala, ngati wabwera kudzatunga madzi. Patapita kanthawi anatembenukira mayi wina wachitsikana, mwana ali kumbuyo.

"Nanga inu mwana wanga mumapemphera kuti?"

"Mpingo ndili nawo, amayi."

"Uli kuti?"

"Kwathu ku Mitundu."

"Munapitako liti?"

Mayiyo anangoseka, maso pansi, chala cha kuphazi chikukanda dothi. Amayi aja anamusenzetsa ndowa, okha n'kunyamula chigubu, ife pambuyo. M'nyumba mwake munali bedi, mbaula, ndi sutikesi yakale yokhazikidwa panjerwa zinayi kuopa chinyezi. Anaitsegula, kuchotsa zitenje ziwiri zatsopano, chiphaso cha kusikelo cha mwana, kenaka buku la nyimbo. M'kati mwake munali pepala lopinda kanayi, m'mphepete mutadyedwa ndi mphemvu, chidindo chitazilala koma chikuwerengeka. Inali kalata yake yosamukira, imene mpingo wa kwawo unamulembera kuti akapereke kumpingo wa kumene akupita. Yatha zaka 6 ili m'sutikesi.

Ati Lamulungu loyamba atafika mumzinda muno anapita kutchalitchi china chachikulu, kalata ili m'chikwama. Anakhala kumbuyo. Anthu anatuluka, kulowa m'magalimoto awo, osapezeka ndi mmodzi yemwe womupatsa moni, ndipo sanadziwe woti amupatse pepalalo. Anati adzapereka mlungu wamawa. Kenaka anapeza ntchito ya m'nyumba yosapuma Lamulungu, kenaka anakumana ndi bambo a mwanayu n'kungolowana, ukwati osadalitsa.

"Ndikapereka lero kalatayi andifunsa za banja, andifunsa zopereka za zaka zonsezi. Ndikayankha chiyani? Bola ndizingopemphera m'nyumba muno."

Ine pakamwa panauma. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti kwathu ndine mlembi wa mpingo. Chidindo chonga chimenechi chili m'kabati mwanga. Makalata otere ndalemba ambirimbiri, ndimasaina, kudinda, n'kunena kuti muyende bwino, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinafunsako ngati kalata ina inafika kumene inkapita.

Pofika madzulo tinali titapeza anthu asanu a nkhani yofanana. Bambo wina kalata yake inaonongeka nyumba itagwa ndi mvula. Si onse ayi: banja lina la Chisilamu lochokera ku Mangochi linatikhazika pansi, kutipatsa thobwa, tinacheza bwino n'kusiyana mwamtendere. Mnyamata wina wometa tsitsi anatiuza m'maso muli gwa kuti mipingo ndi bizinesi ya abusa, ndipo anatchula zitsanzo zoti sindinathe kuzitsutsa zonse. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi sutikesi ija. Ndabwera kudzafuna anthu atsopano, ndikupeza akhristu athu omwe amene tinawataya panjira ya pakati pa mudzi ndi tauni.

Lachitatu

Lero linali tsiku langa lalikulu, la kanema. Tinapempha bwalo kwa amfumu a m'deralo, tinazika mitengo iwiri, n'kumanga nsalu. Banga la tomato linakana kuchoka, moti aliyense wooneka pakanemapo anali ndi bala pachifuwa. Itangokwana 6 koloko magetsi anazima. Tinabwereka jenereta kwa mnyamata wometa tsitsi uja, yemwe uja wa dzulo, ndipo anatilipiritsa bwino lomwe, akuseka.

Ana anabwera osawerengeka, kukhala pansi kuti pikitipikiti, ena kuseri kwa nsalu kuonera chotembenuka. Akuluakulu ankangoima pang'ono, thumba la ndiwo lili m'manja, n'kumapita. Amuna anali m'kanyumba koonetsera mpira chapafupi, ndipo kumeneko akagoletsa chigoli phokoso lake linkakwirira sipika yanga. Tsidya lina mpingo wina unayamba mapemphero a usiku wonse, masipika awo awiri, aakulu kuposa wanga.

Ndinalalikirabe, ndi mtima wonse, mpaka mawu kusasa. Nditaitana ofuna kupereka moyo wawo, manja anakwera ambiri, ndipo achinyamata a mpingo analemba maina 47. Ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba. Titayatsa kandulo n'kuyang'ana pepalalo, 31 anali ana a sukulu ya pulaimale. Pa malo okhala analemba kuti "kuseri kwa chigayo", "pafupi ndi mtengo wa mango", "kumtunda". Chinsapo ali ndi zigayo zingati? Kuno kulibe dzina la msewu, kulibe nambala ya nyumba. Alamu anaulula kuti chaka chatha kunabwera mlaliki wina ndi tenti yaikulu, anasiya maina odzaza mapepala anayi, ndipo mwa onsewo palibe amene anapondako kutchalitchi.

Mlongo wanga, akutsuka mbale, anangoti, "Achimwene, kuno anthu amakweza manja mlungu uliwonse. Kukweza dzanja sikulira ndalama."

Sindinamuyankhe. Ndi wamng'ono kwa ine, koma pakamwa anatengera mayi athu.

Lachinayi

M'mawa ndinagonereza, mmero ukuwawa. Cha m'ma 10 koloko bambo wina wachikulire woyandikana ndi alamu, wa Katolika, anabwera kudzandizonda, ati wamva kuti mlendo anamenyana ndi mpira dzulo n'kugonja. Tinaseka, ndipo anandiitana kuti tikayende ku Likuni, si patali. Mishoni imeneyi adayambitsa ndi ansembe a White Fathers kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pali tchalitchi, chipatala, sukulu ndi malo osindikizira mabuku. Tinazungulira pang'onopang'ono pansi pa mitengo, iye akuloza uku ndi uku. Pobwerera anati madzulo ndikakhale nawo pa mphakati wawo. Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana kumwamba, ine n'kupita.

Anasonkhana pabwalo la nyumba ya mmodzi wa iwo, anthu 15, amuna atatu okha (vuto ili ndiye tili nalo tonse). Anawerenga mawu, aliyense n'kunenapo mmene amukhudzira, mwachidule. Kenaka mayi wina anatsegula kope lakuda m'mphepete n'kuyamba kufunsa. Wadwala ndani? Wasamuka ndani? Nanga walowa ndani? Mtsikana wina anati m'nyumba ya kumapeto, pa puloti ya agogo ogulitsa nkhuni, mwalowa anthu Lolemba, akuyankhula Chitumbuka, mkaziyo ndi woyembekezera. Pomwepo anasankha anthu awiri oti akawaone Loweruka. Wina anafunsa ngati ali a Katolika. Mayi wa kope uja anati, "Tikamva konko. Ngati si athu tikawalozera kwawo, koma adziwe kaye komwe kuli madzi ndi chipatala."

Bambo uja anandifotokozera kuti zimenezi sizidayambe dzulo. Patrick Kalilombe atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 adayendetsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo mfundo yake idali yakuti mpingo ukhale pakati pa anthu, m'timagulu ta mabanja oyandikana, osadikira wansembe amene ali ndi midzi yambiri yoti ayendere. Dzina loti mphakati likunena zomwezo. Kummwera amati limana.

Nsanje inandigwira, ndisaname. Komatu ife a CCAP tili nayo milaga, ndipo ndi chinthu chomwecho. Kungoti milaga yambiri imene ndikuidziwa, kuphatikizapo wanga, yasanduka njira yotolerera ndalama za chitukuko ndi kugawana masiku osesa m'tchalitchi. Timawerenga amene sanapereke. Amene walowa m'nyumba ya kumapeto sitimuwerenga.

Lachisanu

Tinadzutsidwa ndi kulira kusanache. Mapuloti awiri kuchokera panyumba ya mapemphero, mnyamata woyendetsa kabaza yamoto anagundidwa ndi galimoto usiku, ndipo anamwalira asanafike naye kuchipatala. Wasiya mkazi ndi mwana wongoyamba kuyenda. Kwawo ndi ku Mponela. Anali alendi, atha chaka chimodzi pamalopo, ndipo sankapemphera kulikonse.

Maliro a kutauni a munthu wopanda mpingo ndi chinthu chomvetsa chisoni kawiri. Kumudzi mfumu ilipo, adzukulu alipo, mbumba imadziwa chochita osauzidwa. Apa mkaziyo anali yekha pamkeka m'kachipinda kamodzi, oyandikana nawo ataima pabwalo manja m'khosi, aliyense wa kwawo kwawo, osadziwa woyamba ndani.

Akulu a mpingo anayi tinakumana pansi pa mtengo, ine monga mlendo. Wina anati lamulo likudziwika, munthu amene sanali wa mpingo sitimuimbira maliro. "Tikayamba zimenezi anthu aziti bola kumwa mowa moyo wonse, mpingo udzatiika ndithu." Sindinganene kuti ankalakwitsa, poti inenso kwathu lamulo limeneli ndaliimirapo kangapo, nthawi ina mpaka kudana ndi abale anga. Wina anati nanga anthu atiwona bwanji, maliro ali pakhomo pathu penipeni. Tinazungulira pomwepo pafupifupi ola lathunthu.

Tili m'kati mokambirana, kunadutsa mzere wa amayi, wina mtolo wa nkhuni, wina mphika waukulu uja wa pa zochitika za mpingo, ena mabeseni a ufa. Anavala zitenje wamba. Patsogolo panali amayi a mandasi aja. Anagwada pang'ono mwaulemu n'kunena kuti, "Abambo, inu pitirizani msonkhano. Yunifolomu tasiya kunyumba kuti tisakulakwireni. Ife tikukasonkha moto, mwana uja sanadye chidzulo."

Msonkhano unathera pomwepo, popanda wotseka ndi pemphero. Alamu anaimbira foni abusa, amene amakhala kumpingo waukulu ndipo ali ndi nyumba za mapemphero zingapo zoti aziyendera. Abusa anati mwambo wa mpingo usachitike, koma kupepesa sikuletsedwa, pitani mukakhale nawo, mukapemphere nawo. Achinyamata anasenza mabenchi onse, ndi aja a fumbi omwe, kukaika pasiwa.

Cha m'ma 9 koloko kunafika anzake a malemuyo, njinga zamoto zoposa 30, fumbi koboo. Anavula chipewa chimodzi cha panjinga n'kuyamba kuponyamo ndalama, ena kutumiza pafoni. Anatuma anthu ku Mchesi, kumene kuli akalipentala ambiri, kukagula bokosi. Chovuta chinali galimoto yopita ku Mponela, mtengo wake unali woti mkazi uja sakanaupeza ngakhale atagulitsa zonse za m'nyumba. Apa ndi pamene sipika yanga inapeza ntchito. Tinaikoka ndi waya kuchokera kwa wometa uja, amene lero sanalipiritse, ndipo ine amene ndinabwera kudzagwedeza Chinsapo ndi ulaliki ndinakhala tsiku lonse ndikulengeza chipepeso: amayi a pa puloti yakuti apereka mwakuti, ogulitsa makala apereka mwakuti, a mphakati apereka mwakuti, a kumzikiti apereka mwakuti. Pofika 2 koloko ndalama ya lole inakwana.

Asananyamule thupi alamu anapemphera mwachidule, osamuweruza malemu, osamulowetsanso kumwamba. Anapempherera mkaziyo, mwanayo, ndi anyamata amene amakhalira pamsewu. Ndinaona ena mwa anyamatawo akupukuta m'maso ndi magolovesi.

Mkulu wa akabazawo anabwera kudzathokoza. "Madala, inu ndi a mpingo uti?" Alamu analoza nyumba ya mapemphero. Iye anadabwa. "Aka ka malata aka? Ifetu timaimika njinga pamenepa tsiku lililonse, zaka ziwiri tsopano. Timayesa ndi mosungira chimanga." Alamu anati komatu chikwangwani chilipo. Mnyamatayo anati, "Chikwangwani sichipereka moni, madala."

Lole inanyamuka, njinga zili patsogolo ndi pambuyo, masamba atamangirira, mahutala akulira. Amayi atatu a mpingo anakwera nawo kuti mkaziyo asafike yekha kwa apongozi.

Loweruka

Ndinati ndikaoneko tauni. Kumsika wa Tsoka ndinaoloka mtsinje wa Lilongwe pa kamlatho ka mitengo kolipiritsa, mtima uli m'mwamba, n'kugula jekete la kaunjika. Alaliki ndiye mbwee. Kudepoti wina, pamlatho wina, m'basi yopita ku Mchinji wina ataima pakati pa mipando, atamaliza n'kuyendetsa chipewa. Munthu wa ku Lilongwe sangadandaule kuti sanamveko uthenga.

Masana alamu ananditengera ku Area 10 kukaona mkhristu wawo amene dzina lake lili pa mndandanda wa ofooka, chifukwa watha miyezi 8 osaoneka. Uku ndi kwina: mipanda italiitali, waya wamagetsi pamwamba, misewu zii, agalu okha kuuwa. Tinamupeza pageti, wabwera msanga kudzathirira maluwa asanayambe ulonda. Amalowa 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku onse a mlungu. Akayenda wapansi amafika ku Chinsapo mapemphero atayamba kale, maso ali psuu.

"Ndinayesapo, akulu. Ndinagona pabenchi mpaka kuliza mkonono, ana kumaseka. Ndinachita manyazi."

Anatulutsa kafoni kakang'ono ka mabatani, kokulunga ndi labala, n'kutionetsa mmene amamvera wailesi usiku: Trans World Radio, Radio ABC, nthawi zina Radio Alinafe ya Akatolika, iliyonse imene ikugwira bwino. Ndondomeko ya maulaliki anailoweza kuposa ine. Ameneyu ndiye wofooka wathu.

M'misewu imeneyi geti lililonse lili ndi mlonda, nyumba iliyonse ili ndi wantchito, ena amapatsidwa Lamulungu masana okha. Nthawi ya mapemphero athu tinatengera kumudzi, kumene Lamulungu khasu limapuma ndipo aliyense ali ndi mpata. Taibweretsa kutauni osaisintha ngakhale pang'ono, n'kumadabwa kuti anthu ali kuti.

Lamulungu

Anyamata anayi a kabaza anabwera, atavala zonyezimira zawo zija, n'kukhala benchi yakumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo. Mtima wanga unadumpha. Kenaka inafika nthawi ya zolengeza. Wolengeza anawerenga za simenti, za malata a nyumba ya abusa, kenaka maina a milaga imene ili m'mbuyo pa zopereka, ndi ndalama zake. Ndinayang'ana wotchi, zinatenga mphindi 50. Ine thukuta kamukamu, ndikungoyang'ana kumbuyo mwakabisira. Atamaliza anati alendo onse aimirire, atchule dzina, kumene achokera, ndi mpingo wawo. Atatu anaimirira mwamanyazi. Wachinayi anatuluka ngati akukayankha foni, ndipo tinangomva njinga ikulira.

Mwambo woimiritsa alendo ndimaukonda, kwathu ndi ulemu. Koma funso loti ndinu a mpingo uti, kwa munthu amene alibe mpingo, pamaso pa anthu onse, lili ngati kumuvula malaya.

Mayi wa ku Mitundu uja sanabwere. Ndinadandaulira amayi a mandasi, iwo anati, "Musathamange, abambo. Zaka 6 sizitha ndi ulendo umodzi. Ndipitako Lachitatu, mwana wake akutsokomola."

Titaweruka tinakhala pansi akulu, atumiki, amayi ndi achinyamata. Anandipempha kuti monga mlendo wodziwa zinthu ndiwalangize. Ndinawauza zoona, kuti zimene ndinabwera nazo zagwira ntchito pamaliro pokha, ndipo zimene ndinganene ndaziphunzira kwa iwo omwe ndi kwa anansi awo. Tinagwirizana kuti mlaga uliwonse ukhale ndi kope, ndipo pokumana azifunsa amene walowa ndi amene wasamuka asanafunse za ndalama. Za malo okhala mtsikana wina ndiye anatimasula: kuno anthu amadziwa nyumba ndi dzina la alandilodi, ndiye m'kopemo tizilemba dzina la munthu, kwawo, puloti ya ndani, foni, ndi amene akamuone. Tinagwirizananso kuti wobwera ndi kalata yakale alandiridwe kaye, za banja akambirane naye abusa paokha, ndipo ngongole ya zopereka za m'mbuyo isatchulidwe. Apa msungichuma anakanda m'mutu, koma anavomera.

Pamene panavuta ndi pa mapemphero aafupi a alonda ndi antchito a m'nyumba. Ena anati akhale Lamulungu 3 koloko masana, ola limodzi basi. Mkulu uja wa lamulo anakana kwamtuwagalu, ati Mulungu sapatsidwa zotsala, lero ola limodzi, mawa anthu adzafuna mphindi khumi. Wina anafunsa kuti azilalikira ndani, poti akulu omwewo amakhala atatopa. Nkhaniyi yapita kwa abusa. Mmene ndinaonera nkhope zawo, itenga nthawi.

Lolembanso

Sipika ndawasiyira, ati iziwathandiza pamaliro. Pulojekita ndi nsalu ndanyamula. Timapepala totsala, pafupifupi 400, amayi aja apempha kuti azikulungira mandasi, ati uthenga ufika m'nyumba zambiri kuposa mmene tinayendera ife. Alamu anandigulira kope la masamba 80 pagolosale, lofanana ndi amene agawira milaga.

Sindinapite molunjika kwathu. Ndinatsika pa Kamphata n'kukwera galimoto yopita ku Nkhoma, kumene ndinali ndisanapondeko zaka zambiri. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa adayambira ku Mvera mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, m'dera la mfumu Chiwere. Kuno ku Nkhoma adafika mu 1896, kwa mfumu Mazengera, ndipo mu 1926 mpingowu udalowa mu CCAP. Buku Lopatulika limene tikuwerenga mpaka lero lidatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene adatsogolera William Murray pamodzi ndi Amalawi amene ankamuthandiza kusankha mawu. Ndinakhala pakhonde la tchalitchi ndikuyang'ana phiri, n'kukumbukira agogo anga aamuna. Iwo sadatembenuke pa msonkhano waukulu. M'mudzi mwathu mudabwera mphunzitsi wotumidwa ndi mishoni, Mchewa mnzawo, adamanga kanyumba, kulima munda, kuphunzitsa ana a, e, i, o, u pansi pa mkuyu, kupita nawo kumaliro, ndipo agogo ankati adamuyang'anitsitsa zaka zitatu asanalowe kalasi.

Ndili pomwepo foni inalira. Alamu. Ati mmodzi mwa anthu asanu a makalata aja wasamuka usiku, alandilodi akweza lendi, akuti wapita ku Mtandire. "Alamu, kodi muli ndi nambala ya mkulu wa mpingo aliyense wa ku Mtandire?" Ndilibe. Ngati wina mwa inu owerenga ali nayo, anditumizire kumbali.

Ndafika kunyumba kutada. Mayi a kunyumba afunsa za sipika, ndawauza kuti nkhani yake ndi yaitali. Mawa ndikufuna nditsegule kabati ya kuvesitile, nditulutse buku lija timalembamo osamuka, ndiyambire chaka chino kubwerera m'mbuyo, ndione kuti ndi angati amene makolo awo angandipatse nambala za foni. Kiyi wa kabatiyo ali ndi msungichuma wathu, ndipo ndamva kuti wapita ku Salima kukagula usipa, abwera Lachinayi.